Ndinapatsa Magulu Awiri Lachinayi Limodzi

Kuno ku Gadzema ndimadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndine mdzukulu wa mkulu uja anachokera ku Dedza kudzakumba golide ku Giant Mine. Chachiwiri, ndine uja anatsala pang'ono kukhapitsa anthu pa chigayo cha amalume chifukwa cha kompyuta. Choyambacho ndinangobadwa nacho. Chachiwiricho ndinachikhetsera thukuta ndithu, ndipo popeza nkhaniyi yafika m'mabawa a ku Chegutu itathiridwa mchere wambiri, ndati ndiifotokoze ndekha.

Kwa amene sanapondeko, Gadzema ndi kamudzi ka m'mbali mwa njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, pafupi ndi Chegutu, tawuni imene mpaka 1982 inkatchedwa Hartley. Agogo anafika kuno wapansi kudzera ku Tete, monga anzawo ambirimbiri a ku Nyasaland amene anadzaza makomboni a migodi ndi mafamu a dera lino mpaka ku Kadoma. Kwawo sanabwerereko. Masiku a kampani yolemba anthu mazanamazana anapita, koma golide sanathe, ndipo lero amene akumufunafuna ndi makorokoza, aliyense ndi dzenje lake, chingwe chake ndi ngongole zake.

Chigayo chimene ndikunena si cha chimanga. Ndi cha miyala. Zitsulo zitatu zolemera zimanyamuka ndi kugwa, di di di, usana ndi usiku, kuphwanya miyala mpaka isanduke phala, ndipo phalalo limayenda ndi madzi pa mbale ya mkuwa yopakidwa mercury imene imagwira golide. Gulu lililonse, limene kuno timati sindiketi, limabwera ndi miyala yake pa thirakitala, kuikhuthula pabwalo, n'kumagona pomwepo kuilondera mpaka nthawi yake ikwane. Magulu awiri sangagayitse pamodzi, chifukwa golide akasakanikirana palibe angamulekanitse. Choncho mzere wa pa chigayo si woseweretsa. Munthu amene wakongola dizilo, wakongola ufa, ndipo sponsa wake akumuimbira foni m'mawa uliwonse, ukamuuza kuti Lachinayi ndi lako, Lachinayilo alipeze.

Mzerewo ankasunga ndi mayi wina wa mumpingo wathu wa CCAP, amene onse timangoti amayi a kope. Anali ndi kope lachikuto cholimba, pensulo yomangirira ku chingwe, ndi mpando pansi pa mtengo. Munthu ankabwera, amayi n'kutsegula tsamba, kuyang'ana, kulemba, kenako kudzutsa mutu n'kunena kuti wotsatira. Zaka zonse zimenezo sindinamvepo kuti anthu awiri apatsidwa tsiku limodzi.

Kenako ndinabwera ine kuchokera ku Harare, ndili ndi dipuloma, laputopu yothyoka pakona, ndi matenda a Haskell. Haskell ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene lipoti lake loyamba linatuluka mu 1990, ndipo anachipatsa dzina la katswiri wa masamu wa ku America, Haskell Curry. Chili m'gulu la functional programming, kumene pulogalamu imamangidwa ndi ma function, ndipo function ukaipatsa zomwezo imakubwezera zomwezo, lero ndi mawa, popanda kusintha kanthu mobisa kumbali. Ndinachikonda ngati mmene ena amakondera timu ya mpira, mosamva za munthu. Ntchito yake ku Harare ndinaifuna mpaka nsapato kung'ambika. Nditabwerera kumudzi ndinayang'ana kope la amayi aja ndipo mtima unandiuza kuti apa ndiye pamene dziko lidzandidziwire.

Ndinauza amalume kuti anthu asamavutike kuyenda kuchokera kumaenje kudzalembetsa. Azingotumiza uthenga pa foni, kompyuta iziyang'ana ngati tsikulo lili lopanda munthu, iziwayankha, izilemba. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, nanga kopeli lalakwa chiyani?"

"Silinalakwe, amalume. Koma dziko linapita patsogolo."

Anavomera, ndikuganiza chifukwa cha mlongo wawo, amayi anga, amene ankafunitsitsa kuti ndizioneka ngati ndikugwira ntchito.

Apa ndi pamene matama analowa m'pulogalamu. Mauthenga a tsiku lonse sakanadzaza ngakhale theka la tsamba la kope. Pulogalamu yowerenga uthenga umodzi, kumaliza nawo, kenako kutenga wina, ikanakwana n'kutsala. Koma ine ndinali nditawerenga za Concurrent Haskell, imene Simon Peyton Jones, Andrew Gordon ndi Sigbjorn Finne anafotokoza mu 1996, ndipo ndinkadziwa kuti mu GHC, pulogalamu imene imamasulira ndi kuyendetsa Haskell, ma thread ndi otchipa kwambiri moti ukhoza kuyambitsa zikwizikwi kompyuta osadandaula. Thread ndi kantchito koyenda pakokha mkati mwa pulogalamu, limodzi ndi tinzake, ndipo amene amasankha kuti tsopano kayende aka, aka kadikire, ndi scheduler. Ndiye uthenga uliwonse ndinaupatsa thread yakeyake ndi forkIO, lamulo loyambitsira thread yatsopano. Ndinkadziona ngati ndikumanga Facebook. Poyesa, ndinatumiza uthenga ndi foni yanga, n'kudikira yankho, kenako kutumiza ndi foni ya mlongo wanga. Zonse zinayenda bwino, ndipo ndinagona tulo ta munthu wanzeru.

Lachinayi lina m'mawa mathirakitala awiri anaima pa chigayo. Atsogoleri a masindiketi awiri anatulutsa mafoni, ndipo pa foni iliyonse panali uthenga womwewo wonena kuti Lachinayi m'mawa ndi lanu, pansi pake dzina la chigayo, mmene ndinalikonzera monyadira. Mawu anayamba kukwera m'Chishona, wina analowetsa dzanja pansi pa mpando wa thirakitala, ndipo aliyense wa kuno amadziwa chimene chimakhala pamenepo. Zikwanje kuno sitiseka nazo. Kumapeto kwa 2019 wapolisi anaphedwa ndi gulu la zikwanje pa mgodi wina ku Battlefields, kufupi ndi Kadoma. Anthu amati ndinathawa. Sindinathawe. Ndinapita kukaona ngati thanki ya madzi ikudontha kumbuyo kwake, ndipo ndinaiona mofatsa kwambiri.

Anathetsa nkhaniyo ndi amayi a kope, amene ngakhale ndinawalanda ntchito ankabwerabe kudzakhala pansi pa mtengo wawo. Anafunsa kuti miyala ya ndani inafika pabwalo poyamba, enawo anawapatsa usiku, ndipo amalume analonjeza kuwagayira gawo lina mwaulere. Madzulo ake kope linabwerera pa miyendo ya mwini wake. Kwa ine amalume sananene kanthu, zimene zinawawa kuposa mbama.

Munthu wamanyazi akanasiyira pomwepo. Ine ndinayamba kuuza aliyense wofuna kumva kuti zimene zinachitikazo ndi tsoka la kamodzi pa miliyoni, kuti mwina ndi netiweki, mwina mmodzi wa iwo anatumizirana uthenga mwachinyengo. Usiku ndinkayendetsa pulogalamu ija mobwerezabwereza ndi mauthenga ongopeka, ndipo sinalakwitse ngakhale kamodzi. Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa. Poyesapo ndinkachotsa modemu yotumizira mauthenga, ndiye yankho linkapita nthawi yomweyo. GHC imalola thread kuyenda pafupifupi mamilisekondi 20 isanaichotse, ndipo thread yanga inkamaliza zonse nthawiyo isanakwane. Ma thread ankangodutsa mmodzimmodzi mwaulemu. Koma pa chigayo zinali zina. Magetsi akathima nthawi yaitali netiweki nayo imakomoka, mauthenga amaunjikana kwinakwake, ndipo ikatsitsimuka amagwa onse pakamodzi. Vuto la mtundu umenewu, lotchedwa race condition, limadalira kuti ndani wayenda liti, ndipo amene amasankha zimenezo sanali ine. Ndinkafuna kugwira scheduler pakhosi n'kumuuza kuti bwereza zimene unachita tsiku lija, koma scheduler wa GHC sabwereza, ndipo sakumbuka.

Ndiye ndinaganiza zolemba wanga.

Apa ndilekeni ndidzitame pang'ono, chifukwa njira yake ndi yokongola, ngakhale si ine ndinaitulukira. Mu 1999 Koen Claessen wa ku Chalmers University, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, anasindikiza nkhani yaifupi mu Journal of Functional Programming yotchedwa A Poor Man's Concurrency Monad, ndipo maganizo ake amabwerera mpaka kwa Mitchell Wand mu 1980. Mfundo yake ndi yakuti m'chilankhulo ngati Haskell, function ndi chinthu choti ukhoza kuchigwira, kuchisunga m'ndandanda, kuchipereka kwa wina. Choncho ntchito yotsala ya thread, zonse zimene idzachite kuyambira pano mpaka kumapeto, ukhoza kuzikulunga kukhala function imodzi. Imeneyo amati continuation. Ukatero thread siikhalanso chinthu chothamanga chokha mumdima. Imakhala chinthu chogona patebulo, chokhala ndi maonekedwe atatu okha. Atom ndiye kuti chita kanthu kamodzi aka, ndipo nayi ntchito yotsala. Fork ndiye kuti apa ntchito yagawika pawiri. Stop ndiye kuti ndamaliza.

Scheduler ndiye amangokhala mizere yochepa. Amasunga ndandanda wa ma thread. Amatenga yoyamba, ngati ndi Atom amachita kanthu kamodziko, yotsalayo n'kuiika kumapeto kwa ndandanda. Ngati ndi Fork amaika zonse ziwiri. Ngati ndi Stop amaitaya. Akatero amabwereranso kumutu, kuzungulira choncho mpaka ndandanda uthe. Nditaziona zikuyenda koyamba ndinadzuka pampando n'kuyenda uku ndi uku m'chipinda, agalu a oyandikana nawo mpaka kuuwa.

Chimene ndinasintha n'chimodzi. Pamene panalembedwa kuti tenga yoyamba, ndinaika function yosankha, imene ndimaipereka ine. Ndikafuna ndimaipatsa manambala: yenda thread 1, kenako 2, kenako 2, kenako 1. Ndikafuna ndimaipatsa nambala imodzi yoyambira kuti izisankha mwachisawawa, koma nambala yomweyo imabweretsa chisawawa chomwecho nthawi zonse. Kalendala ya chigayo, modemu, ngakhale MVar, kabokosi kamene ma thread a Haskell amapatsirana zinthu, zonse ndinazipanga zoyerekezera, zongokhala m'ndandanda wamba mkati mwa scheduler. Popeza palibe chochokera kunja, manambala omwewo amatulutsa mapeto omwewo, kaya ndi lero, kaya magetsi alipo, kaya kuli mvula. Apa ndi pamene ukhondo wa Haskell, umene anzanga a ku Harare ankandiseka nawo, unalipira ngongole yake.

Kenako ndinauza scheduler kuti ayese njira zonse. Thread yanga inali ndi masitepe atatu: yang'ana ngati tsiku lili lopanda munthu, tumiza yankho, lemba dzina. Ma thread awiri a masitepe atatuatatu akhoza kulukana m'njira 20. Ndinadina batani ndili ndi chikhulupiriro kuti mwina imodzi mwa izo, yobisika kwambiri, ndiyo inandichititsa manyazi.

Zolakwika zinatuluka 18.

Ndinawerenganso. Njira zabwino zinali ziwiri zokha: kuti yoyamba imalize zonse yachiwiri isanayambe, kapena yachiwiri imalize yoyamba isanayambe. Kwina konseko, onse awiri ankayang'ana kalendala wina asanalembe, onse n'kupeza Lachinayi lili mbee. Ndipo ine ndi manja anga ndinaika kutumiza yankho pakati penipeni pa kuyang'ana ndi kulemba, pamalo pamene thread imakhala ikudikira modemu, mnzake n'kulowa. N'zoona kuti njira 20 zimenezi sizichitika mofanana kawirikawiri, ndipo ndinayesa kudzitonthoza nazo. Koma tsoka la kamodzi pa miliyoni lija linathera pamenepo. Chodabwitsa sichinali chakuti zinachitika, koma kuti zinachedwa.

Kukonza kwanga koyamba kunali kuika maloko awiri, imodzi pa kalendala, ina pa modemu. Scheduler sanachedwe kundiyalutsanso. Thread yolembetsa inkatenga loko ya kalendala kenako ya modemu, pamene thread yofufuta dzina inkayamba ndi ya modemu. Panjira ina aliyense anagwira imodzi n'kumadikira ya mnzake, ndandanda wa okonzeka kuyenda unatsala wopanda kanthu, awiri ali chiimire mpaka kalekale. Imeneyi ndi deadlock, imene Edsger Dijkstra ankaphunzitsa ophunzira ake kale mu 1965. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno inandipeza patebulo, ndi manambala ake olembedwa bwinobwino oti ndibwereze, osati pamaso pa anthu a zikwanje. Pa chimenechi chokha ndimaimabe nacho: pulogalamu ya ma thread imene sungathe kulamula kayendedwe kake poyesa, sunaiyese, wangoipempherera.

Njala ya njira zonse nayo ili ndi malire. Ma thread awiri a masitepe khumikhumi amalukana m'njira 184,756, ndipo ukawonjeza yachitatu laputopu yothyoka pakona imayamba kulira ngati chigayo. Madan Musuvathi ndi Shaz Qadeer a ku Microsoft Research anaonetsa mu 2007 kuti zolakwika zambiri zimaoneka ngakhale utangolola scheduler kudula thread pakati kamodzi kapena kawiri kokha, ndipo chida chawo cha CHESS chinamangidwa pamenepo. Nanenso ndinaika malire amenewo. Ndinawonjeza zoti scheduler azichepetsa yekha njira yolakwika mpaka itsale yaifupi. Ndinamupatsa mitundu pa sikirini. Ndinayamba kuganiza za dzina, ndi mmene ndidzayankhulire pa msonkhano wa akatswiri, mwina ku Cape Town, nditavala jekete la amalume.

Tsiku lina bandulo itatsala pang'ono ndinati ndifufuze ngati dzina limene ndinasankhalo lili ndi mwini. Ndinapeza kuti Michael Walker ndi Colin Runciman a ku University of York anatulutsa Déjà Fu mu 2015, laibulale ya Haskell yochita zonse zimene ndinachita, ndi zina zambiri zimene sindinaziganize, yaulere, yongotsitsa. Ndinapezanso kuti Claessen yemwe uja, ndi anzake, analemba scheduler wotere wa chilankhulo china, Erlang, wotchedwa PULSE mu 2009. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Pa nthawi yonseyi panali nkhani ya batire. Kwathu tili ndi sola imodzi ndi batire imodzi, ndipo magetsi akathima nyumba yonse imadalira pamenepo: foni ya amayi, wailesi, ndi babu imene mlongo wanga ankawerengera pokonzekera mayeso a ZIMSEC. Laputopu yanga inkalowa pa soketi dzuwa likamalowa, n'kutuluka batire ikalira. Usiku wina tikudya ndinayamba kufotokoza, popanda wondifunsa, kufooka kwa scheduler wanga. Ndinati iye amasintha thread pokhapokha ikafika pa Atom n'kubweza mpata yokha. Ikapezeka ina yongozungulira m'masamu ake osafika pa Atom, scheduler alibe mphamvu yoichotsa, enawo amafa ndi njala ali pamzere, ndipo n'chifukwa chake GHC yeniyeni ili ndi wotchi yodula ma thread mokakamiza. Mlongo wanga anameza nsima, n'kunena mosakweza mawu:

"Achimwene, ndiye kuti thread imeneyo ndinu."

Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Kuyambira tsiku limenelo wotchi yodula mokakamiza inakhazikitsidwa m'nyumba mwathu, ndipo ndi amayi. Ikakwana 8 koloko amangozula pulagi osafunsa kuti ndasunga kapena ayi.

Pulogalamu ija ndinaikonza ndithu. Poyamba ndinagwiritsa ntchito STM, njira imene Tim Harris, Simon Marlow, Simon Peyton Jones ndi Maurice Herlihy anabweretsa mu Haskell mu 2005, imene imamanga kuyang'ana ndi kulemba kukhala sitepe imodzi yosaduka, yankho n'kumapita pambuyo. Scheduler anayesa njira zonse osapeza banga. Ndili mkati mosangalala ndinayang'anitsitsa zimene zatsala, ndipo ndinaona kuti ndikachotsa forkIO, mauthenga n'kumaima pamzere umodzi, thread imodzi n'kumawatenga umodziumodzi, sipafunikanso STM, loko, kapena scheduler amene anadya batire ya mayeso a mlongo wanga. Kutsegula, kuyang'ana, kulemba, wotsatira. Ndinatseka laputopu n'kupita kukatunga madzi, ntchito imene sindinkaigwira kale.

Ndinapitabe kwa amalume, chifukwa munthu amene wavutika chotere amafuna womuyamikira. Ndinawapeza akuyang'anira anyamata pa matanki a cyanide, kumene mchenga wotsalira umatsukidwanso, ndipo kumeneko n'kumene mwini chigayo amapezera phindu lenileni. Ndinawafotokozera zonse, kuti tsopano ndikhoza kulamula kuti ndani ayambe, ndani adikire, ndani adulidwe pakati. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuchokera ku Harare, ndinaona nkhope yawo ikuwala ndi nkhani ya kompyuta. Anandikokera pambali, kutali ndi anyamata.

"Ukuti ukhoza kusankha woyamba, enawo osadziwa?"

"Ee, amalume, koma ndikunena ma thread, osati anthu."

"Ma thread amalipira?"

"Ayi."

"Pali mudhara wina amabweretsa miyala yabwino, ndipo amalipira madola a ku America pamanja, osati mawa. Amayi ako a kope aja ndikawauza kuti amulowetse kutsogolo amandiwerengera vesi. Kompyuta yako ili ndi vesi?"

Ndinawauza kuti zimenezo si chilungamo, kuti mzere ndi mzere, kuti scheduler wabwino saonera nkhope. Ndinalankhula bwino kwambiri, mpaka ndinatchula za njala ya ma thread a kumapeto. Amalume anamvetsera mpaka ndinatha, kenako anatchula ndalama imene angandipatse mwezi uliwonse.

Usiku womwewo, 8 koloko isanakwane, ndinali nditalemba kale. Inatenga mizere inayi, ndipo ndinaiyesa njira zonse: mudhara uja amatuluka woyamba pa iliyonse. Sinagwirebe ntchito pa chigayo, chifukwa makorokoza anagwirizana kuti tsiku limene adzaonenso laputopu yanga pabwalo paja adzapititsa miyala yawo ku chigayo china cha ku Chakari, ndipo amayi a kope anauza amayi anga ku tchalitchi kuti akundipempherera ndipeze ntchito kutali.